EDWARD APPLETON, MUNTHU AMENE ANAYESA DENGA LA MLENGALENGA

Ambiri a ife timatsegula wailesi tsiku ndi tsiku, koma ndi owerengeka amene anadzifunsapo kuti mau a munthu wolankhula kutali amadzera njira yotani kuti adzatipeze. Kwathu kwa Katunga, m'cigwa ca Shire, nyumba zina za wailesi za maiko akutali sizimveka konse masana, koma dzuwa likangolowa zimayamba kumveka. Ndifuna kukusimbirani, anzanga, za munthu amene anapeza cifukwa cace.

Dzina lace ndi Edward Victor Appleton. Iye anabadwa pa 6 September 1892 mu mzinda wa Bradford ku Mangalande. Atate wace sanali munthu wolemera ai, ankagwira nchito m'nyumba yosungiramo katundu. Koma mwanayo anali wakhama pa sukulu, kotero kuti anapata thandizo la ndalama nakaphunzira sayansi ku Cambridge. Nkhondo ya 1914 itabuka analowa usilikari, ndipo pambuyo pace anamuika pa nchito ya mauthenga. Kumeneko ndiko kumene mtima wace unakodwa ndi za wailesi.

Masiku amenewo panali cinthu cimene cinathetsa nzeru anthu ophunzira. M'caka ca 1901 Marconi anatumiza uthenga pa wailesi kucokera ku Cornwall mpaka ku Newfoundland, kutsidya la nyanja ya Atlantic. Tsono mafunde a wailesi amayenda molunjika, pamene dziko lathu ndi lobulungira ngati dzungu. Nanga anakhota bwanji? M'caka ca 1902 Oliver Heaviside ndi Arthur Kennelly anaganiza kuti kumwamba kuli cina cace conga denga cimene cimabweza mafundewo pansi. Koma kunali kuganiza cabe, popeza panalibe ndege kapena makwerero ofika kumeneko.

Mu December 1924 Appleton, pamodzi ndi wophunzira wace Miles Barnett wa ku New Zealand, anapempha a BBC kuti awabwereke makina oulutsira mau a ku Bournemouth usiku, mapologalamu atatha. Iwo anakhala ku Oxford namamvetsera. Appleton anati ngati dengalo lilikodi, mafunde adzafika panjira ziwiri, ena modzera pansi, ena mokagunda kumwamba ndi kubwerera. Amene anaonapo mafunde a mabwato awiri akukumana pa Shire adziwa kuti pena amaphatikana nakula, pena amaphana madzi nkukhala bata. Zinateronso ndi wailesi. Pamene a ku Bournemouth ankasintha utali wa mafunde pang'onopang'ono, mphamvu yace ku Oxford inkakwera ndi kutsika. Powerenga kukwera ndi kutsika kumeneku, iye anapeza kuti dengalo lili pamtunda wa mamailosi ngati 60 kucokera pansi. M'caka ca 1926 anapezanso lina pamwamba pace, pa mamailosi ngati 150, ndipo limeneli anthu analicha dzina lace.

Denga limeneli si lolimba ai. Ndi mpweya wopyapyala umene kuwala kwa dzuwa kumaudzaza ndi mphamvu ya magetsi, ndipo a sayansi amaucha ionosphere. Masana cigawo cace cam'munsi cimameza mafunde ambiri. Usiku cigawoco cimazilala, ndipo mafunde amapitirira nakabwezedwa ndi zigawo zam'mwamba, nkukatera kutali. Ici ndico cifukwa cace wailesi yakutali imamveka bwino usiku.

Appleton sanalekere pomwepo. Mu 1932 ndi 1933 anatsogolera gulu lokayesa mlengalenga ku Tromsø, kumpoto kozizira kwa Norway. Anaonetsanso kuti mphamvu ya dengali imakwera ndi kutsika potsata mawanga a padzuwa, amene amaculuka ndi kucepa pa zaka pafupifupi 11 zilizonse. Nzeru imeneyi inathandiza oulutsa mau kudziwa mafunde oyenera nyengo iliyonse.

Kunoko phindu lace tinaliona msanga. Kuyambira 1949 kunabwera tiwailesi totsika mtengo tooneka ngati sefuliya, timene tinkagwira mau ocokera ku Lusaka, ndipo cimodzi mwa zinenero zace cinali Cinyanja. Kucokera ku Lusaka kufika ku Chikwawa ndi mamailosi oposa 400, ndipo mafunde oyenda pansi sakanafika. Nyimbo za Alick Nkhata zinkayamba zakwera kumwamba, kenaka nkutsikira m'midzi ya makolo athu.

Phindu lina linali radar. Ngati mpweya wakumwamba ubweza mafunde, nanga ndege yacitsulo ingalephere bwanji? Mu 1935 Robert Watson-Watt, amene anagwirapo nchito ndi Appleton, anaonetsa kuti ndege ingadziwike ikali kutali pomvera mafunde obwerera, monga mau amabwerera munthu akapfuula pansi pa phiri. Mu 1940 makina amenewa anathandiza kwambiri kuteteza Britain ku ndege za Germany. Appleton mwini, kuyambira 1939, anali mkulu woyang'anira kafukufuku wa sayansi m'boma. Lero radar yomweyo imatsogolera ndege ndi kuona mitambo ya mvula, nkhani yaikulu kwa ife amene madzi osefukira anatisautsa mu 2015 ndi 2023.

Mfumu inampatsa ulemu wa Sir mu 1941, ndipo mu 1947 analandira mphotho ya Nobel. Kuyambira 1949 anali mkulu wa University ya Edinburgh, ndipo anagwira nchitoyo kufikira tsiku la imfa yace, pa 21 April 1965.

Cimene cinandigwira mtima pa moyo wace ndi ici: malo amene anawayesa sanafikeko ndi phazi, ndiponso sanawaone ndi maso. Zida zace zinali masamu, makutu ndi kupirira kwa usiku wambiri. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono nkudekha. Ife amene timadandaula kuti masamu ndi sayansi nzouma, tikumbukire kuti mwana wa wosunga katundu anayesa nazo kutalika kwa thambo.