Solon Bailey ndi nyenyezi zosinthasintha kuwala

Solon Bailey, katswiri wa zakuthambo wa ku America, adabadwa mu 1854. Yunivesite ya Harvard idamtuma ku Peru, komwe adasankha Arequipa kukhala malo oonerapo nyenyezi. Kumeneko ankajambula magulu a nyenyezi zikwizikwi zounjikana ngati mpira, n'kumafanizitsa zithunzizo chimodzichimodzi, ntchito yotopetsa maso ndithu. Adapeza nyenyezi zoposa 500 zimene kuwala kwake kumakwera ndi kutsika, zambiri pasanathe tsiku. Zoposa 100 m'gulu la Omega Centauri lokha. Nyenyezi zimenezi zidathandiza Harlow Shapley kuyeza kukula kwa Mlalang'amba mu 1918.

Mu 1909 Bailey adadzayesa thambo la ku South Africa, ndipo mu 1927 ntchito ya ku Arequipa idasamutsidwira pafupi ndi Bloemfontein. Iye adamwalira mu 1931.