Dag Hammarskjöld, mkulu wa United Nations yemwe anafera ku Ndola

A Dag Hammarskjöld, omwe anali mlembi wamkulu wachiwiri wa bungwe la United Nations, anamwalira pa ngozi ya ndege pafupi ndi mzinda wa Ndola pa 18 September 1961, ali pa ulendo wokathetsa nkhondo ya ku Katanga.

Iwo anabadwa pa 29 July 1905 ku Jönköping m'dziko la Sweden. Bambo awo, a Hjalmar Hammarskjöld, anali nduna yaikulu ya dzikolo kuyambira 1914 mpaka 1917. Ataphunzira za chuma ndi malamulo pa yunivesite ya Uppsala, a Dag anagwira ntchito m'boma kufikira 1953 pomwe anasankhidwa kutsogolera United Nations.

Panthawiyo maiko a America ndi Soviet Union ankapikisana popanga mabomba a nyukiliya, zomwe zinachititsa kuti maso a maiko akuluakulu akhale pa migodi ya ku Congo. M'chigawo cha Katanga, chomwe chachita malire ndi Copperbelt, muli mkuwa ndi cobalt wambiri. Komweko, pa mgodi wa Shinkolobwe pafupi ndi Likasi, ndi komwe kunachokera uranium wambiri yemwe America inagwiritsa ntchito popanga mabomba ake oyamba, kuphatikizapo lomwe linaponyedwa ku Hiroshima pa 6 August 1945.

Dziko la Congo litalandira ufulu pa 30 June 1960, a Moïse Tshombe analengeza pa 11 July kuti Katanga yadzipatula, mothandizidwa ndi Belgium komanso kampani ya migodi ya Union Minière. A Hammarskjöld anatumiza asilikali osungitsa mtendere, koma mu September 1961 asilikaliwo anayamba kuwomberana ndi a Katanga. Apa mbali ziwirizo zinagwirizana zokakumana ku Ndola, m'dziko lomwe linkatchedwa Northern Rhodesia.

Ndege yawo, yotchedwa Albertina, inanyamuka ku Léopoldville, komwe tsopano ndi Kinshasa, itanyamula anthu 16. Inagwa m'nkhalango pakati pausiku itangotsala pang'ono kutera. Wachitetezo mmodzi, a Harold Julien, anapezeka wamoyo koma anamwalira m'chipatala patapita masiku ochepa.

Kafukufuku wa boma la atsamunda mu 1962 analoza chala oyendetsa ndegeyo, ndipo sanalabadire umboni wa anthu akuda, kuphatikizapo owotcha makala, omwe anati anaona ndege ina m'mwamba usikuwo. Mu 2017, a Mohamed Chande Othman, omwe anakhalapo mkulu wa oweruza milandu ku Tanzania, anauza United Nations kuti n'kutheka kuti ndegeyo inachita kuukiridwa. Iwo anapempha maiko kuti atulutse zikalata zomwe akusunga mwachinsinsi.

A Hammarskjöld anaikidwa m'manda ku Uppsala, ndipo mu 1961 anapatsidwa mphoto ya mtendere ya Nobel atamwalira kale. Pamalo pomwe ndegeyo inagwera pali chipilala cha chikumbutso, pomwe ku Kitwe laibulale ya pa Mindolo Ecumenical Foundation imadziwika ndi dzina lawo.