Walther von der Vogelweide: woyimba wosauka amene ankadzudzula ngakhale Papa

Patsamba la mbiri mwezi uno tili ndi Walther von der Vogelweide, mlakatuli wa Chijeremani amene anabadwa cha m'ma 1170.

Masiku amenewo kunalibe Germany ngati amene tikumudziwa lero. Kunali anthu a ku Bavaria, a ku Saxony, a ku Swabia, aliyense ndi kalonga wake ndi kayankhulidwe kake, ndipo zolemba zaboma ndi zatchalitchi zinkalembedwa m'Chilatini. Walther ankayimba m'chinenero chimene anthu ankayankhula.

Luso lake analiphunzira ku Vienna, kunyumba kwa kalonga Frederick I. Kalongayo atamwalira mu 1198, Walther anasowa pogwira, n'kuyamba kuyenda nyumba ndi nyumba za akuluakulu, kuyimba kuti apeze chakudya ndi pogona. Chaka chomwecho akalonga anasankha mafumu awiri, Philip wa ku Swabia ndi Otto IV, nkhondo n'kubuka. Walther anaima ndi Philip. Philip ataphedwa mu 1208 anapita kwa Otto, kenako kwa Frederick II. Inde, munthuyu ankasintha mbali, ndipo n'zovuta kukana kuti mimba inali ndi gawo lake. Tangoganizani, chikalata chokhacho cha nthawi yake chomutchula, kupatula ndakatulo, ndi cha pa 12 November 1203, pamene bishopu Wolfger wa ku Passau anamupatsa ndalama zogulira chikhoti chaubweya.

Koma m'nyimbo zake munali chinthu chimene sichinkasintha. Ankadandaulira anthu onse oyankhula Chijeremani ngati banja limodzi losokonekera. Papa Innocent III atalamula mu 1213 kuti m'matchalitchi muikidwe mabokosi a zopereka, Walther anamunyoza poyera kuti akukolola ndalama za Ajeremani. M'nyimbo ina anatamanda khalidwe la amuna ndi akazi kuyambira ku mtsinje wa Elbe mpaka ku Rhine, mpaka kumalire a Hungary. Munthu wa ku Saxony ndi wa ku Bavaria, pomva nyimbo yomweyo, ankadzipezamo onse.

Cha m'ma 1220 Frederick II anamupatsa kamalo kakekake, moti anapumulako kuzizira ndi kupemphetsa. Anamwalira cha m'ma 1230, ndipo amati anaikidwa ku Würzburg. Germany anadzakhala dziko limodzi mu 1871, patapita zaka zoposa 600, koma oyimba ngati Walther anali atayamba kale kuwaitana anthuwo ndi dzina limodzi.