Michael Faraday ndi kamluzu ka m'wailesi ya galimoto

Mukakwera minibasi pa Kamwendo kupita ku Lilongwe kapena ku Mchinji boma, tcherani khutu dalaivala akatsegula wailesi. M'magalimoto ena, pansi pa nyimbo pamamveka kamluzu kosautsa. Dalaivala akaponda moto kamakwera, akachepetsa kamatsika. Ambiri amangoti wailesi yatha kapena sipika yang'ambika, koma nthawi zambiri vuto silikhala pamenepo. Gwero la kamluzuka adalitulukira munthu yemwe adamwalira magalimoto asanadzaze m'misewu, Michael Faraday. Nzeru zake zomwezo zingakuthandizeni kuteteza ana anu ku mphenzi mvula ikayamba.

Faraday adabadwa pa 22 September 1791 kufupi ndi mzinda wa London ku England. Bambo ake anali wosula zitsulo, wodwaladwala, ndipo pakhomopo panali umphawi. Kusukulu mwanayu adangophunzirako kuwerenga, kulemba ndi masamu ochepa. Mu 1805, ali ndi zaka 14, adayamba kuphunzira ntchito yosoka ndi kumata mabuku kwa mkulu wina dzina lake George Riebau. Adakhalako zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo mabuku omwe ankamata ankawawerenganso, makamaka onena za magetsi ndi kasakanizidwe ka mankhwala.

Mu 1812 adapeza mwayi womvera maphunziro a katswiri wa sayansi Humphry Davy ku Royal Institution. Adalemba zonse zomwe adamva, nazisoka kukhala buku, n'kutumiza kwa Davy popempha ntchito. Mu March 1813 adamulemba ngati womuthandizira. Poyamba sankawerengedwa. Paulendo wa ku Ulaya womwe adatsagana ndi Davy, ankagwira ntchito yonyamula katundu, ndipo mkazi wa Davy ankamuona ngati wantchito wamba. Iye adapirira, napitiriza kuphunzira.

Chachikulu chidachitika mu 1831. Faraday adakulunga mawaya awiri osakhudzana pa chitsulo chozungulira ngati chibangili. Atalumikiza waya woyamba ku batire, mu waya wachiwiri mudadutsa magetsi kwa kanthawi kochepa. Atachotsa batire, zidachitikanso. Patapita milungu ingapo adaona kuti akalowetsa kapena kutulutsa maginito mkati mwa waya wokulungidwa, magetsi amabadwa, koma maginito akangokhala chete sipachitika kanthu. Dayinamo ya njinga, jenereta ya kuchipatala ndi makina opukusa magetsi pa Nkula pamtsinje wa Shire, zonsezi zimagwira ntchito motsata zomwe adaona m'chaka chimenecho.

M'galimoto muli chipangizo chotchedwa alternator, chomwe chimatchaja batire. Injini imachizungulitsa ndi lamba, ndipo mkati mwake maginito amazungulira pakati pa mawaya okulungidwa. Magetsi obadwa pamenepo amapita uku ndi uku ngati mafunde. Tizipangizo totchedwa ma diode timawawongola, koma pamatsalabe timafunde tating'ono. Timafundeti tikalowa m'njira ya mawu ndi timene mumamva ngati mluzu. Injini ikathamanga timafunde timabwera pafupipafupi, n'chifukwa chake mluzuwo umakwera.

Nanga timalowera pati? Khomo loyamba ndi waya wa earth. Magetsi ochoka m'batire amayenera kubwereranso kubatire, ndipo m'galimoto njira yobwerera ndi chitsulo cha thupi la galimotoyo. Waya wa earth ukamangidwa pamalo a penti kapena a dzimbiri, kapena bawuti ikakhwepa ndi mabampu, njirayo imachepa. Magetsi amafuna podzera pena, ndipo amadutsa m'mawaya onyamula mawu ochokera ku wailesi kupita ku ampulifaya. Khomo lachiwiri ndi lomwe Faraday adaona pa chibangili chija: waya wa mawu ukagona limodzi ndi waya wamkulu wa magetsi, umatola phokoso ngakhale sakukhudzana.

Choncho musanagule wailesi ina, yambani ndi zosafuna ndalama. Zimitsani injini n'kumvetsera wailesi. Mluzu ukatha, gwero lake ndi alternator ndi mawaya. Masulani waya wa negative pabatire musanagwire china chilichonse. Palani penti ndi dzimbiri pamalo omangapo earth mpaka chitsulo chiwale, ndipo mangani molimba ndi waya wamfupi, wonenepa ngati wobweretsa magetsi uja. Tsukani mitu ya batire. Mawaya a mawu adzere mbali ina ya galimoto, a magetsi mbali inanso. Zikakanika, makaniko ayeze: injini ikulira, batire lizionetsa mavoliti pafupifupi 14, ndipo ayezenso ngati diode ina sidapse. Waya wopita ku ampulifaya ukhale ndi fyuzi pafupi ndi batire. Fyuzi ikapsa musaikepo kawaya kapena kapepala konyezimira, chifukwa waya ukakhudza chitsulo ungayatse galimoto muli anthu.

Thupi lachitsulo lomwelo lili ndi ntchito ina yaikulu. Mu 1836 Faraday adamanga chipinda chonga bokosi, mbali iliyonse mamita oposa atatu ndi theka, nachikuta ndi zitsulo zopyapyala. Adachidzaza magetsi amphamvu mpaka kunja kwake kumathetheka moto, iye ali mkati ndi zipangizo zoyezera. Mkatimo simudapezeke magetsi. Adasonyeza kuti magetsi otere amakhala kunja kwa chitsulo chotsekedwa, salowa mkati.

Ichi n'chifukwa chake galimoto ya denga lachitsulo ndi malo abwino obisalamo kukamachita ziphaliwali. Si matayala amene amateteza ayi, koma chitsulo chomwe chimatenga mphenzi n'kuitsitsira pansi. Tsekani mawindo ndipo musagwire zitsulo za m'mbali. Kumbuyo kwa lole kapena pikiapu, panjinga ya kabaza ndi pangolo palibe chitetezo chotere. Uzani ana kuti bingu likagunda asathawire pansi pa mtengo, achoke pabwalo la mpira, kudambo ndi kumtsinje, alowe m'nyumba yolimba, ndipo adikire mphindi 30 chigundire bingu lomaliza.

Inu odzipereka pa zaumoyo m'midzi, dziwani kuti munthu woombedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi. Mgwireni osaopa. Ngati sakupuma, yambani msanga kutsindika pachifuwa monga mudaphunzitsidwira, wina akusaka galimoto. Ngakhale wodzuka yekha aonedwe kuchipatala, pakuti mphenzi imatha kusokoneza mtima ndi makutu. Nthawi yotayika pokambirana za yemwe watumiza mphenziyo ndi imene imapha wodwala.

Faraday sankasunga nzeru zake. Ankaphunzitsa ana sayansi pa nyengo ya Khirisimasi ku Royal Institution, mwambo womwe ulipo mpaka lero, ngakhale iye ndi mkazi wake Sarah Barnard sadakhale ndi ana. Mu July 1855 adayenda paboti pamtsinje wa Thames, naponyamo tizidutswa ta pepala loyera. Tidazimiririka m'maso tisanamire n'komwe chifukwa cha uve wa madziwo, ndipo adalembera nyuzipepala ya The Times kuchenjeza akuluakulu. Patatha zaka zitatu fungo la mtsinjewo lidafika posapiririka, boma n'kuvomera kumanga ngalande zazikulu za zonyansa.

Kuyambira 1839 thanzi lake lidayamba kuvuta, ndipo pokalamba ankaiwalaiwala kwambiri. Kawiri konse adakana kukhala mtsogoleri wa bungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society. Adamwalira pa 25 August 1867 ali ndi zaka 75, ndipo adaikidwa kumanda a Highgate ku London.

Pakhomo panu mwina pali mwana wokonda kumasula tochi ndi wailesi zakufa, wofunsa mafunso osatha. Musamukalipire msanga. Mpatseni batire la tochi, babu ndi kawaya, mumuletse kuseweretsa magetsi a pakhoma, ndipo ulendo wina mukamva kamluzu m'minibasi mumufunse chomwe akuganiza kuti chikulira.