Sembène: wonyamula masaka amene anaika komboni mu filimu

Lachiwiri m'mawa basi yathu yochoka ku Ng'ombe inagwidwa pa msewu tisanafike n'kutauni komwe. Akuti mapepala sanakwane. Tonse tinatsika, ba kondakita anatibwezera ndalama, ndipo ba dalaivala anakhala pa mwala atagwira tsaya, kuganiza kashing'i ya abwana kuti aipeza kuti. Nditawaona, ndinakumbukira kafilimu kamene tinaonera pa laputopu ndili ku koleji, ndi mdala amene anakapanga, malemu a Ousmane Sembène a ku Senegal.

Kafilimuko ndi Borom Sarret, ka mu 1963, ka mphindi pafupifupi 20 chabe. Bambo wina wa ku Dakar amadya za ngolo yokokedwa ndi hachi, monga mmene anyamata a mawilibala amadyera pa Soweto Market. Tsiku lonse anyamula anthu: ena sakulipira, wina ndi mayi wapakati wopita ku chipatala, wina ndi bambo wonyamula mtembo wa mwana wake. Kenako bwana wa suti amupempha kuti amupereke ku Plateau, kumayadi kumene ngolo siziloledwa. Wapolisi alanda ngolo, wa suti uja alowa m'galimoto osalipira, ndipo mwini ngolo abwerera kunyumba wapansi, akukoka hachi, m'thumba mulibe olo ngwee. Amene mumadutsa mipanda ya ku Roma m'mawa uliwonse, nkhani iyi simufunika womasulira.

A Sembène anabadwa mu January 1923 ku Ziguinchor, mwana wa msodzi. Sukulu anachotsedwa asanakwanitse zaka 15. Anagwirako ya umakanika ndi yomanga nyumba ku Dakar, ndipo mu 1944 anatengedwa usilikali wa France. Nkhondo itatha anakakhala ku Marseille, kumene ankatsitsa katundu m'sitima za pamadzi. Kumeneko analowa yuniyoni ya antchito, ndipo atavulala msana anayamba kuwerenga maningi m'laibulale ya yuniyoniyo. Buku lawo loyamba, Le Docker noir, linatuluka mu 1956. Mu 1960 kunabwera limene m'Chingerezi limatchedwa God's Bits of Wood, lonena za sitiraka ya antchito a njanji ya Dakar–Niger ya mu 1947 ndi 1948.

Atabwerera kwawo mu 1960 anapeza vuto. Mabuku anali m'Chifalansa, koma asodzi, amayi a mumsika ndi antchito a njanji, anthu omwe ankawalembawo, ambiri sankatha kuwerenga. Ndiye mu 1962 anapita ku Moscow kukaphunzira kupanga mafilimu pa Gorky Studio. Kafilimu ka ngolo kaja anakatulutsa ali ndi zaka 40.

Mu 1966 anapanga La Noire de…, nkhani ya mtsikana wa ku Dakar amene mabwana ake achizungu anapita naye ku France kukagwira ya m'nyumba, n'kumutsekereza mpaka anadzipha. Koma imene imandikhudza ine ndi Mandabi ya mu 1968, filimu yawo yaitali yoyamba m'Chiwolof, chinenero cha mumsika wa Dakar. Ibrahima Dieng, lova wa akazi awiri ndi ana 7, atumiziridwa 25,000 francs ndi mphwake wosesa misewu ku Paris. Ku positi akufuna chitupa. Kuti apeze chitupa pafunika pepala la kubadwa ndi chithunzi. Ndalama isanafike m'manja, aneba adziwa kale, ngongole zayamba, ndipo pothera wophunzira wina wochenjera aidya yonse. Amene munaimapo pa mzere wa NRC kapena kulandira ka mobile money achibale n'kumva, mwaseka kale. Filimuyi inapata mphotho ku Venice.

Mdalayu analibe mantha ndi akuluakulu. Xala ya mu 1975 inaseka mabwana akuda amene analowa m'mipando ya atsamunda n'kupitiriza kudya. Ceddo ya mu 1977 boma la Léopold Senghor linailetsa, chifukwa chimene linapereka n'chakuti dzinalo lizilembedwa ndi d mmodzi. A Sembène anakana kusintha. Camp de Thiaroye ya mu 1988 inaulula mmene asilikali a France anaphera anzawo a ku Africa mu 1944 chifukwa chofunsa malipiro awo. Mafilimu ankapita nawo okha kumidzi, kuonetsa, n'kukhala pansi kukambirana ndi anthu.

Yomaliza, Moolaadé, yotsutsa mdulidwe wa atsikana, inapambana ku Cannes mu 2004 m'gawo la Un Certain Regard, iwo ali ndi zaka 81. Anamwalira ku Dakar pa 9 June 2007. Mu 2024, m'gawo lomwelo, mwana wathu wobadwira mu Lusaka, Rungano Nyoni, anatenga mphotho ya wotsogolera filimu ndi On Becoming a Guinea Fowl.

Kwathu ku Ng'ombe kuli anyamata amene amajambula tumasewero pa foni n'kuika pa Facebook. Mmodzi anandiuza kuti filimu yeniyeni ifuna digiri, Chizungu chabwino ndi nyumba ya geti. Manje ine ndikuti, aonere Borom Sarret: ngolo, hachi, msewu wafumbi ndi tsiku limodzi la munthu wofuna chakudya cha ana.

Ba dalaivala aja ndinawaonanso Lachinayi, basi yatuluka. Kashing'i ya masiku awiri akuti akali kubweza.