Werner Bischof, wojambula amene sanali kuthamangira kudina

Masiku ano mu Lusaka aliyense ni wojambula. Minibasi ikagundana pa Great East Road, anthu ayamba atulutsa mafoni, kuthandiza ovulala kubwera pambuyo. Pofika madzulo, nkhope ya mwana wa eni yazungulira pa WhatsApp, abale ake asanamve n'komwe. N'cifukwa cake lelo nifuna tikambeko za munthu wina amene anagwira kamera mwaulemu.

A Werner Bischof anabadwira mumzinda wa Zurich ku Switzerland mu 1916. Anaphunzira nchito yojambula pasukulu ya zaluso mumzinda momwemo, ndipo poyamba anali kujambula tinthu twabata cabe, monga masamba na zigoba za nkhono, kuti aone mmene kuwala kumagwera pa cinthu.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, anakwera njinga n'kuwolokera ku Germany. Kumeneko anapeza mizinda ili mabwinja okhaokha, ana akuyendayenda opanda pogona. Kucokera pamenepo kamera yawo inayang'ana kwa anthu. Mu 1949 analowa m'gulu la ojambula la Magnum, limene a Robert Capa na anzawo anayambitsa mu 1947.

Mu 1951 anapita ku Bihar m'dziko la India, kumene njala inali itavuta, ndipo magazini ya Life inasindikiza zithunzi zawo. Mukaona azimayi a m'zithunzizo, manja ali m'mwamba kupempha cakudya, mtima umawawa, koma simuona munthu wocititsidwa manyazi. Muona mayi, monga amai anu.

Atacoka kumeneko anapita ku Japan, Korea, Hong Kong na Indochina. Cithunzi cawo cochuka ca ku Tokyo cionetsa ansembe a Cishinto akuyenda pabwalo la kacisi wa Meiji, maambulera kumutu, cipale cofewa cikugwa pa mitengo. Palibe ngozi, palibe phokoso. Koma ukaciyang'ana umva kuzizira, umvanso bata la malowo. Cithunzi cotere sicibwera na cangu. Munthu afunika kuima, kuzizidwa pamodzi na eni malo, n'kudikira.

Mu 1954 anafika ku South America. Panjira yopita ku Cuzco m'dziko la Peru anajambula kamnyamata kakuyenda kokha, katundu kumsana, kakuliza citoliro, mapiri ali kumbuyo. Patangopita masiku ocepa, pa 16 May, motoka imene anakwera inagwera m'phompho m'mapiri a Andes, ndipo onse a m'motokamo anafa. A Bischof anali na zaka 38 cabe. Patapita masiku 9, a Capa nawonso anafa ataponda bomba lokwirira pansi ku Indochina. Gulu la Magnum linalira maliro awiri m'mwezi umodzi.

Manje ife, zojambula tili nazo zambiri: utsi wa mbaula m'mamawa mwezi wa June, azimayi akutula matomato pa Soweto Market kusanace, fumbi la October dzuwa likamalowa ku Kanyama. Foni ili m'thumba mwanu ikwanitsa zonsezi. Koma musanadine, patsani moni, pemphani, ndipo dzifunseni ngati mwini nkhopeyo angakondwe kudziona. Mukafika pangozi, foni ibwerere m'thumba, manja agwire wovulala.