Giovanni Gualberto Woyera, Nkhoswe ya Osamala Nkhalango

M'mapiri a ku Italy, chakum'mawa kwa mzinda wa Florence, muli malo otchedwa Vallombrosa, ndiko kunena kuti chigwa cha mthunzi. Mbiri ya nkhalango ya kumeneko ndi yolukana ndi ya Giovanni Gualberto, munthu amene pa unyamata wake anazolowera lupanga osati khasu.

Iyeyu anabadwira m'banja lomveka ndi lachuma. Tsiku lina mbale wake Ugo anaphedwa, ndipo mwa mwambo wa masiku amenewo mwazi unkalipidwa ndi mwazi. Giovanni analumbira kulipsira. Pa Lachisanu Loyera anakomana naye wakupha uja m'kanjira kopapatiza, kopanda pothawira. Munthuyo anagwada, natambasula manja ake ngati mtanda, napempha chifundo m'dzina la Ambuye amene anafa tsiku lomwelo. Giovanni anabweza lupanga m'chimake, namudzutsa, namukumbatira. Pochoka apo analowa m'tchalitchi cha San Miniato kukapemphera, ndipo posakhalitsa anavala mkanjo wa amonke a Benedikto Woyera.

Kumeneko sanakhalitse. Atazindikira kuti mkulu wa nyumbayo anachita kugula udindo wake ndi ndalama, mtima wake unamuwawa, nachoka. Cha m'ma 1036 anakakhazikika ku Vallombrosa, malo ozizira ndi apatchire, ndipo ena ofuna moyo wa umphawi anamtsata. Anthu a kumeneko amasimba za mtengo wina umene unamfunditsa ndi nthambi zake asanamange pogona. Nkhondo yolimbana ndi ogula maudindo a Eklezia anaimenya moyo wake wonse, kufikira Episkopi Pietro Mezzabarba wa ku Florence anachotsedwa pa mpando m'chaka cha 1068. Giovanni anamwalira ku Passignano pa 12 Julayi 1073, ndipo Papa Celestino III anamlemba m'gulu la Oyera mu 1193.

Iye anasiya amonke ozolowera kupemphera ndi kugwira ntchito ya manja, ndipo ana ake auzimuwo, mibadwo ndi mibadwo, ndiwo anakulitsa luso la kulera nkhalango. Mtengo wawo wapamtima unali abete, wofanana ndi paini, wautali ndi woongoka. Ankadula chigawo chimodzi chokha, nabzalamo mbande zina, nasiya zigawo zinazo kuti zikhwime. Mtengo wotere umafuna zaka pafupifupi zana, kotero kuti mmonke wobzala ankadziwa bwino lomwe kuti wodzadula sanabadwe. Nzeru imeneyi n'njosowa ngakhale pakati pa ophunzira kwambiri. Ng'ombe zinkakoka mitengoyo kutsikira nayo ku mtsinje wa Arno, kumene inkayandama kupita ku Florence, Pisa ndi Livorno, kukasanduka mitanda ya madenga ndi milongoti ya zombo. Ndalama zake zinkadyetsa nyumba ya amonke, pamene mizu ya mitengo yotsala inkagwira nthaka ya m'matsitso kuti mvula ingaikokolole.

Mu 1866 boma la Italy linalanda nyumbayo pamodzi ndi nkhalango yake. Chinali chinthu chowawa kwa amonke, komabe zimene anabzala sizinapite pachabe. Mu 1869 m'nyumba momwemo munatsegulidwa sukulu yoyamba ya za nkhalango m'dziko lonse la Italy. Anyamata ankaphunzira kufesa mbewu za mitengo, kuyeza msinkhu ndi kunenepa kwa thunthu, ndi kuwerengera mitengo yoyenera kudula pa chaka popanda kutha nkhalango. Buku lawo lalikulu linali mitengo ya amonke ija. Pambuyo pake sukuluyo inasamukira ku Florence, ndipo amonke anabwerera kwawo mu 1949.

Mu 1951 Papa Pius XII analengeza kuti Giovanni Gualberto ndiye nkhoswe ya osamala nkhalango a ku Italy. Pa chikondwerero chake, pa 12 Julayi, iwo amakwera ku Vallombrosa atanyamula mafuta a nyale imene imayaka kumeneko pomukumbukira.